KAKHUNGU KAM'KATI MWA MITSEMPHA NDI MATENDA A MTIMA

Mawu amene adalankhulidwa pa chikondwerero cha bungwe la amayi ku Matope

 

Kapena ena mwa inu mukudabwa kuti bwanji tikambe za matenda pa tsiku la chikondwerero, pamene mpunga uli pamoto ndipo aliyense watchena. Chifukwa chake nchakuti powerenga zaka za bungwe lathu, timakumbukanso anzathu amene tidayamba nawo koma lero palibe. Za ena mwa iwo tidangomva kuti adagwa pochokera kudimba. Za ena tidamva kuti adagona bwinobwino, koma m'mawa adadzuka mkono ndi mwendo zitafa, pakamwa patapotoka. Enanso adatupa miyendo, nayamba kubanika, mpaka kutisiya. Imfa zoterezi timati nzadzidzidzi, koma zoona zake nzakuti zambiri zimayamba kalekale, mwakachetechete, pa kanthu kakang'ono kamene kali m'thupi mwa aliyense wa ife. Akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma. Tsono lero tifuna tikadziwe kanthu kameneka, kuti tizikasamala nthawi isanathe.

Kakhungu kameneka nchiyani?

Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, kupopa magazi okwana malita 5 kuti azungulire thupi lonse. Magaziwo amayenda m'mitsempha. Mtsempha waukulu wotuluka mumtima ndi wonenepa ngati chala chachikulu cha kudzanja kapena kuposapo pang'ono, pamene timitsempha ta kumapeto ndi tating'ono kuposa tsitsi.

Amayi oumba mbiya amadziwa kuti akatha kuumba, amatenga kamwala kosalala nkukulungiza m'kati mwake kuti musakhale mokhakhala. Mitsempha yathunso ndi yokulungizidwa. M'kati mwa mtsempha uliwonse, kuyambira waukulu uja kufikira kakang'ono ka m'diso, ngakhalenso m'kati mwa mtima mwenimwenimo, mudayalidwa kakhungu kopyapyala zedi kamene madokotala amakatcha endothelium. Kakhunguka ndi mzere umodzi wokha wa tizigawo ta thupi totchedwa maselo, ndipo sikaoneka ndi maso. Pamwamba pake pali utelezi wonga uja wa mlamba wa mu Shire, umene umathandiza kuti magazi azingotsetsereka osamatirira.

Ntchito zake zikuluzikulu ndi zinayi. Yoyamba, kamaletsa magazi kuundana m'kati mwa mtsempha. Yachiwiri, kamakhala ngati mlonda wa pakhomo: kamalola chakudya ndi mpweya kutuluka m'magazi kupita m'minofu, koma kamatsekereza zosafunika. Yachitatu, pakakhala bala kapena tizilombo, kamaitana maselo oyera a m'magazi, amene ndi asilikali a thupi, kuti adzagwire ntchito. Yachinayi, kamalamula mtsempha kuti ufutukuke kapena ufinyike, malinga ndi magazi amene akufunika pamalopo.

Ntchito yachinayiyi idadziwika mochedwa. Kwa zaka zambiri anthu ophunzira ankayesa kuti kakhunguka ndi chophimba chabe. M'chaka cha 1980, katswiri wina wa ku New York dzina lake Robert Furchgott adaonetsa kuti mtsempha wa kalulu umafutukuka bwino ukathiridwa mankhwala ena, koma ngati kakhungu kam'kati kapalidwa, mtsemphawo sufutukukanso. Pambuyo pake padadziwika kuti kakhunguka kamatulutsa kampweya kotchedwa nitric oxide, kamene kamafewetsa mtsempha. Chifukwa cha ntchito imeneyi, mu 1998 Furchgott pamodzi ndi Louis Ignarro ndi Ferid Murad adalandira mphoto ya Nobel. Motero tikudziwa tsopano kuti kakhunguka kakakhala kamoyo, mitsempha imakhala yofewa ndipo mtima umagwira ntchito mopepuka.

Kamawonongeka bwanji?

Ife a ku Matope sitisowa mphunzitsi pa nkhani ya madzi. Timaona kuti pamene gombe la Shire lili ndi bango ndi mitengo, madzi amadutsa osagumula dothi. Koma pamene tadula zonse ndi kulima mpaka m'mphepete, madzi a dzinja amadya gombe pang'onopang'ono, ndipo matope ake amakaunjikana kumunsi ku Nkula. Gombe siligumuka tsiku limodzi. Chimodzimodzinso ndi mitsempha yathu.

Kakhungu kaja kakayamba kuchubuka, utelezi wake umatha ndipo kampweya kofewetsa kaja kamachepa. Pamenepo mafuta a m'magazi otchedwa kolesitolo amalowa pansi pa kakhunguko. Asilikali a thupi amalondola mafutawo nawameza, koma iwonso amafera pomwepo. Chaka ndi chaka pamalopo pamakula chotupa cha mafuta, mtsempha numauma, njira ya magazi nkumachepa. Tsiku lina chotupacho chimang'ambika, magazi amaundana pomwepo ndi kutseka njira. Ngati mtsempha wotsekekawo ndi wodyetsa mtima, munthu amamva kupweteka koopsa pachifuwa, thukuta lili kamukamu, ndipo angathe kufa nthawi yomweyo. Ngati ndi wa ku ubongo, munthu amafa ziwalo, matenda amene ambiri timawatcha sitiroko. Nthawi zina mtsempha wa ku ubongo wofooka umaphulika, ndipo zotsatira zake ndi zomwezo. Palinso vuto lina: mtima umene wakhala zaka zambiri ukukankha magazi m'mitsempha youma umakula ndi kutopa. Apo ndi pamene timaona kutupa miyendo, kubanika pogona, ndi kulephera kukwera ngakhale kamtunda kakang'ono.

Adani a kakhunguka

Mdani woyamba ndi wamkulu kuno kwathu ndi kuthamanga kwa magazi, kumene timati BP. Magazi akamakankha mwamphamvu usana ndi usiku, amapala kakhunguka monga madzi osefukira amapalira gombe. Ndiponso kakhungu kowonongeka kamaumitsa mitsempha, BP nkukweranso, motero vuto limabala linzake. Poyeza BP pamatuluka manambala awiri. Munthu wamkulu akakhala cha pa 120 ndi 80 ali bwino, koma akamapezeka ndi 140 ndi 90 kapena kuposa pa masiku osiyanasiyana, ndiye kuti BP yake ndi yokwera. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, adapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, munthu mmodzi mwa atatu aliwonse adali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Tayang'anani amene mwakhala nawo kumanja ndi kumanzere. Mwa inu atatu, mmodzi angathe kukhala ndi vutoli koma akuseka ndi kuimba bwinobwino, pakuti BP kawirikawiri sipweteka.

Mdani wachiwiri ndi matenda a shuga. Shuga akachuluka m'magazi amadya utelezi uja ndi kuwononga timitsempha ta m'maso, mu impso ndi m'mapazi. Nchifukwa chake wodwala shuga amayamba kuona mwachimbuuzi, ndipo kabala kakang'ono ka kuphazi sikapola msanga.

Mdani wachitatu ndi utsi ndi fodya. Ndudu ngakhale imodzi imafooketsa kakhunguka, ndipo mkazi ndi ana a wosutayo amapuma nawo utsi womwewo. Fodya wamphuno ndi woika m'kamwa, amene agogo ena amamukonda, nayenso amafinya mitsempha. Tisaiwalenso utsi wa nkhuni umene ife amayi timapuma tsiku ndi tsiku m'khitchini yopanda zenera. Utsi umenewo suthera m'maso ndi m'mapapo mokha, tizinthu take timavutitsanso mitsempha.

Mdani wachinayi ndi mchere wambiri, umene umakweza BP. Pambali pa amenewa palinso mowa wosadziletsa, kunenepa kwa pamimba, ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi. Kachilombo ka HIV nakonso kamatupitsa kakhunguka, makamaka ngati munthu sakumwa mankhwala. Madokotala amene adafufuza odwala sitiroko pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adalengeza mu 2016 kuti BP ndi HIV ndizo zidali patsogolo pa zoyambitsa matendawo. Choncho amene ali pa ma ARV asalekeze, ndipo aziyezetsanso BP.

Pali ena amene amati awa ndi matenda a Azungu ndi a mabwana a m'tauni. Nzoona kuti sasankha ulemerero, pakuti ngakhale amene adali mtsogoleri wa dziko lino, Bingu wa Mutharika, adamwalira mu April 2012 mtima utaima mwadzidzidzi. Koma sasankhanso umphawi. Bungwe la WHO lidawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 17.9 miliyoni adafa ndi matenda a mtima ndi mitsempha, ndipo oposa atatu mwa anayi aliwonse adali a m'maiko osalemera monga lathu lino.

Mawu apadera kwa amayi

Pali matenda awiri amene ife amayi tawaona ndi maso athu, osadziwa kuti amakhudza kakhungu komweka. Oyamba ndi malungo aakulu a ana, aja okomola. Tizilombo ta malungo tikalowa m'maselo ofiira a magazi, maselowo amamatirira ku kakhungu ka timitsempha ta mu ubongo ndi kutseka njira. Zambiri za matendawa dziko lidaziphunzira konkuno ku Malawi, kudzera m'ntchito imene madokotala Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux adayamba ku Queen Elizabeth m'zaka za m'ma 1980. Nchifukwa chake mwana wotentha thupi sitigona naye m'nyumba kudikira mawa.

Achiwiri ndi BP ya amayi oyembekezera. Imayamba pakati pakapitirira milungu 20, pamene nsengwa imatulutsa zinthu zovulaza kakhungu ka mitsempha ya mayi m'thupi lonse. Mlonda wa pakhomo uja akafooka, madzi amatuluka m'mitsempha kulowa m'minofu. Mayi amatupa nkhope ndi manja, mutu umawawa kwambiri, amaona zinthu zothwanima kapena chimbuuzi, ndipo ena amamva kupweteka pamwamba pa mimba. Akachedwa amayamba kukomoka ngati wakhunyu, moyo wake ndi wa mwana nkukhala pangozi. Inu alangizi ndi apongozi, kutupa kotere si chizindikiro cha mapasa kapena cha mwana wamwamuna ayi. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti kumeneko kuli mankhwala otsitsa BP ndi oletsa kukomoka. Ndiponso dziwani ichi: mayi amene adadwalapo BP ali woyembekezera, ngakhale adachira atabereka, amakhala pachiopsezo chachikulu cha BP ndi matenda a mtima akamakula. Mayi wotere aziyezetsa chaka chilichonse moyo wake wonse.

Nkhani yabwino

Tisataye mtima, amayi. Kakhunguka ndi kamoyo, ndipo kamatha kudzikonza tikakapatsa mpata. Munthu akaleka fodya, mitsempha yake imayamba kufewa. BP ndi shuga zikatsika, kupalika kuja kumachepa. Ndipo zambiri zothandiza zili m'manja mwathu, pakuti amene amagwira chipande ndi kutapa mchere m'nyumba ndife.

Tiyambe ndi mchere. A WHO amalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Tikawerenga mchere wa m'ndiwo, wa m'phala, wa mu chiponde, wa pa mango aawisi ndi wina woika pambali pa mbale, tiona kuti ambiri timapyola kutali. Timibulu ndi timapaketi tokometsera ndiwo tili ndi mchere wambiri, ndipo soda wa m'sitolo amene timathira m'therere ndi mbale wake wa mchere. Nsomba zamchere monga bakayawo tiziyamba taziviika m'madzi ndi kutaya madziwo. Musachotse mchere wonse tsiku limodzi, mungayambane ndi abambo kunyumba. Chepetsani pang'onopang'ono, ndipo pakatha milungu yochepa lilime limazolowera. Tomato, anyezi, nsinjiro ndi mandimu zimakometsa ndiwo popanda choopsa.

Chachiwiri, tisanyoze ndiwo zathu zamasamba. Bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya, kholowa, luni ndi mpiru zili ndi zinthu zimene thupi limasandutsa kampweya kofewetsa mitsempha kaja. Nyemba, nandolo ndi khobwe ndi zabwino koposa. Mgaiwa umaposa ufa woyera, ndipo malambe, masawu, bwemba ndi manachesi a m'boma lathu lino zimaposa zakumwa zotsekemera za m'mabotolo. Tichepetse shuga mu tiyi, ndiponso tisakazingire mandasi ndi tchipisi m'mafuta amodzimodzi mpaka kuda.

Chachitatu, thupi liziyenda. Magazi akamayenda mofulumira pamene tikulima, kusinja, kupita kumjigo kapena kuvina, kakhunguka kamatulutsa kampweya kambiri. Amene timakhala pa benchi ya malonda tsiku lonse, ndi agogo amene zidzukulu zimawachitira zonse, tiziyenda ndithu mphindi 30 pa tsiku.

Chachinayi, tichepetse utsi. Tiziphikira pamalo popita mphepo, nkhuni zikhale zouma, ndipo mbaula zadothi monga chitetezo mbaula zimasunga nkhuni ndi kuchepetsako utsi. Mwana wakhanda asakhale kumsana pamene tikukoleza moto.

Chithandizo m'boma lathu

Ife a m'boma la Neno tili ndi mwayi umene maboma ena adausirira. Mu 2007 bungwe la Partners In Health, limene kuno timalitcha Abwenzi Pa Za Umoyo, lidayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma lino. Mu 2015 adakhazikitsa kiliniki imodzi ya matenda onse a mgonagona, kuti wa BP, wa shuga, wa mphumu, wa khunyu ndi wa HIV azithandizidwa pamalo amodzi, m'zipatala za pafupi ndi kwawo. Mu 2018 adatsegulanso makiliniki a matenda aakulu, monga kutopa kwa mtima, pa chipatala chachikulu cha Neno ndi pa chipatala cha Lisungwi. Kuyeza BP sikutenga ngakhale mphindi zisanu, ndipo sikupweteka. Safunsa adadya phula. Pitani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kapena funsani alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu, kuti akuuzeni tsiku loyezetsa. Manambala anu alembedwe m'kabuku ka kuchipatala, ndipo muwadziwe monga mudziwira zaka za ana anu.

Kwa amene adayamba kale mankhwala, tikuti gwiritsitsani. Mankhwala a BP sali ngati a malungo oti masiku atatu basi mwachira. Amagwira ntchito pa tsiku limene mwamwa lokha. Ambiri amati, "Ndikupeza bwino tsopano," naleka, ndipo pakapita miyezi timamva kuti agwa. Kupeza bwinoko ndi umboni wakuti mankhwala akugwira ntchito, si wakuti matenda atha. Musabwerekane mapilitsi ndi anzanu, pakuti ena sayenera mayi woyembekezera ndipo ena sayenera wodwala impso. Adyo, mandimu ndi zitsamba za m'mabotolo zogulitsa pamsika sizilowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Ngati mapilitsi akukuchititsani chizungulire, chifuwa kapena kutupa mapazi, kauzeni adokotala akusinthireni.

Munthu akapotoka pakamwa mwadzidzidzi, akafooka mkono kapena mwendo wa mbali imodzi, akayamba kulankhula zosamveka, kapena akamva chifuwa chikupanika ndi thukuta lozizira, musamumwetse madzi kapena phala mokakamiza, pakuti angatsamwe. Ngati wakomoka mgonekeni cham'mbali, ndipo funani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo.

Pano pali mawu amene tiyenera kulankhula mosabisa. M'midzi mwathu munthu akafa ziwalo, ena amathamangira kunena kuti wamenyedwa hamala ndi afiti. Wodwala amachedwa kufika kuchipatala, ndipo chala chimaloza agogo osalakwa. Sitidaiwale kuti mu January 2016, m'boma lathu lomweli, okalamba anayi adaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mtima woloza chala womwewo ndi umene umadzuka pamene wina wagwa ndi sitiroko. Ife amene tamva lero kuti chimagwetsa munthu ndi mtsempha wotsekeka kapena wophulika, tikhale oyamba kuimirira pakati ndi kunena kuti, "Abale, tiyeni naye kuchipatala, agogowa asiyeni."

Zimene tingachite ngati bungwe

Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha amayi apampando ndi komiti kuti aganizire zinthu zinayi izi. Choyamba, chaka chino chisanathe, mayi aliyense wa m'bungwe akayezetse BP ndi shuga, ndipo atengenso bambo a kunyumba, pakuti abambo ambiri sapita kuchipatala mpaka atanyamulidwa. Chachiwiri, pamene tikuphika pa maukwati, pa maliro ndi pa misonkhano monga uno, tichepetse mchere ndi mafuta, kuti anthu alawe okha kuti ndiwo zimakoma ndithu. Chachitatu, pokazonda odwala ndi okalamba, pamodzi ndi kaufa ndi nkhuni zimene timanyamula, tizifunsanso ngati mankhwala alipo ndi tsiku lobwerera kuchipatala, ndipo wosowa womuperekeza timuperekeze. Amene adafa ziwalo tiziwatembenuza pogona kuti asachite zilonda, tiziwathandiza kuongola mkono ndi mwendo tsiku ndi tsiku, pakuti ambiri amayambanso kuyenda akalimbikitsidwa. Chachinayi, mtsikana aliyense woyembekezera m'dera lathu ayambe sikelo msanga, ndipo tizimufunsa ngati adamuyeza BP.

Amayi anzathu, nyumba timaizira isanagumuke, ndipo denga timafolera mvula isanagwe. Kakhungu kam'kati mwa mitsempha yathu sitingakaone, koma tsiku lililonse timakasamala kapena kukawononga ndi zimene timathira mumphika, utsi umene timapuma, ndi mapilitsi amene timamwa kapena kuiwala. Chokhumba chathu nchakuti pa chikondwerero chikudzachi tidzapezekenso tonse, aliyense akudziwa manambala ake, akuyenda ndi miyendo yake, ndi kulera zidzukulu zake.